Foni Itakana Nkhope ya Ndafika

Dzina loti Ndafika anamupatsa ndi anzake a pantchito, ndipo sanamunamizire. Kasitomala akangoimba kufunsa kuti katundu wake ali pati, yankho linali limodzimodzi: "Ndafika, bwana, ndili pageti." Geti lake liti? Nthawi zina munthu ali pamzere wa magalimoto kutsidya kwa tauni, nthawi zina chakudyacho sanachilandire n'komwe, wophika akadali kukazinga anyezi. Koma ankanena mofatsa ndi mwaulemu, moti ngakhale amene wadikira ola lathunthu ndi njala ankangovala masilipasi n'kupita kukaima pageti popanda munthu.

Anali bambo wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, wamtali, msana wopindika pang'ono chifukwa cha chibokosi chimene ankabereka tsiku lonse panjinga yamoto. Kale ankagwira ntchito kumalo osindikizira mabuku, akudula mapepala pamakina kwa zaka khumi ndi zisanu, mpaka m'mawa wina anapeza pachitseko pali loko wachilendo. Anakhala pakhomo miyezi isanu manja lende. Mkazi wake ndi telala, amasokera pabalaza, ndipo miyezi isanuyo anaimva kuwawa onse awiri. Bambo ankafuna kuthandiza, n'kumasita nsalu zosafunika kusita, n'kumasokoneza ulusi. Tsiku limene anapeza njinga n'kulembetsa ntchito yoperekera anthu katundu kudzera pafoni, amene anapuma kwambiri ndi mayiyo.

Ntchito imeneyi ilibe ofesi yoti munthu n'kukagogoda. Wolamula amakhala m'foni momwemo. Foni ikalira ndiye kuti pali oda: pita uko ukatenge, pita uko ukasiye, ndipo usachedwe. Pulogalamu ya m'foniyo anyamata a njinga onse ankaitchula kuti Abwana. Akakumana m'mawa sankafunsana za kunyumba, ankangoti, "Abwana adzuka bwanji lero?" Ndipo Abwanawo anali ndi khalidwe lawo. M'mawa uliwonse, munthu asanayambe ntchito, ankafuna amuone nkhope, kuopa kuti ena amabwereketsana maakaunti. Umaika nkhope m'kamkombero ka pagalasi, umaphethira, umatembenukira kumanja, kenaka kumanzere. Kakasanduka kobiriwira, lowa mumsewu. Kakafiira katatu, akaunti yatsekedwa, ndipo palibe amene anatsekeredwa n'kubwereranso.

Ndafika mwambo wa m'mawawu sankauchita mwachibwana. Ankasamba, kupesa tsitsi, kumanga batani la pakhosi, n'kuimirira chilili pafupi ndi zenera. Ankamwetuliranso.

"Zaka makumi awiri ndili nanu m'nyumba muno," mkazi wake ankatero akulowetsa ulusi pasingano, "simunandipesereko tsitsi chonchi ngakhale tsiku limodzi."

"Inu mumandidziwa kale, mayi."

"Ehe. Tsoka la odziwa kale."

Malo odikirira maoda anali kuseri kwa mzere wa malesitilanti, pamene pali mpanda wa waya. Wina anatulukira kuti Abwana amapatsa oda foni imene ili pafupi kwambiri ndi khitchini, basi kuyambira pamenepo aliyense ankakulunga foni yake m'kajumbo n'kuikoleka pampandapo, pafupi ndi khomo la ophika. Eni ake ankakhala kutsidya kwa msewu pamthunzi, maso ali pampanda, ngati amayi oyang'anira zovala pachingwe kunja kukuchita mitambo. Imodzi ikalira, amuna asanu ankadzambatuka limodzi. Pagulupo panali wina wamfupi, wolankhulitsa, amene ankamutchula kuti Loya chifukwa ankadziwa malamulo onse a Abwana, olembedwa ndi osalembedwa omwe, ngakhale kukhoti sanapondeko.

Tsono dzino linayamba ngati nthabwala. Linali la kumapeto, m'munsi, mbali ya kumanzere. Poyamba linkangotsina akamwa madzi ozizira. Ndafika anasamutsira kutafuna mbali ya kumanja n'kuona ngati nkhani yatha. Patapita sabata linayamba kugunda, njinga ikadumpha pabampu ululu n'kumafika m'khutu.

"Pitani kuchipatala, bambo," anatero mkazi wake.

"Mzere wa kumeneko ndi wa tsiku lathunthu. Ndikajomba tsiku limodzi, Abwana anditsitsa."

Pamenepa sankanama. Amene sajomba, amene sakana oda, Abwana ankamuika pagulu lotchedwa golide, ndipo a golide ndi amene ankalandira maulendo afupi, a m'misewu yabwino. Ojomba ankatumizidwa kumapeto a tauni, kunyumba zopanda manambala ndi agalu osamanga. Ndafika anakhala pa golide zaka zitatu osatsikapo, ndipo ankanyadira ngati ndi digiri. Ndiye dzino lingamutsitse? Anagula mapiritsi opha ululu pagolosale n'kumameza ngati mtedza. Anachukucha madzi a mchere. Anaikapo adyo mpaka makasitomala ankalandira katundu atatembenuzira nkhope kumbali. Loya anamulangiza kuti adonthezepo madzi a batire, kuti dzino limafa nthawi yomweyo, koma mkazi wake atamva ananena kuti akangoyerekeza, iye akamupeza Loyayo pampanda pomwepo n'kumumwetsa otsalawo. Anatha choncho masabata asanu ndi limodzi.

Lolemba lina anadzuka tsaya litatupa ngati wabisa dzira m'kamwa, diso la kumanzere litayamba kutsinzina lokha. Mkazi wake atamuona anangoti kukamwa yasa. Koma mwini wake anasamba, anapesa, anamanga batani, n'kukaima pazenera. Anaika nkhope m'kamkombero, koma tsaya linatulukira kunja. Anaphethira ndi diso limene linkatha kuphethira. Kamkombero kanazungulira, kanazungulira, kenaka psuu. Pansi pake panalembedwa kuti sanamuzindikire, ndipo watsala ndi mwayi uwiri.

"Ndine ndemwe, bwana," anatero Ndafika, akulankhula ndi foni.

Anati vuto ndi mdima wa m'nyumba. Anatuluka panja padzuwa, n'kuionetsa foni tsaya labwino lokhalokha ngati mmene wogulitsa tomato amaikira owola kunsi. Foni inamuuza kuti ayang'ane kutsogolo. Anayang'ana. Psuu kachiwiri. Apa mawu anasintha: watsala ndi mwayi umodzi, ndipo akapanda kutsimikiza nkhope yake pofika Lolemba lotsatira, akaunti itsekedwa ndithu. Ndafika anakhala pansi pakhonde, thukuta kamukamu. Anachita mantha, mantha enieni, oposa a dzino.

Mwina mukuganiza kuti apa ndiye anapita kuchipatala. Ayi ndithu. Wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu, koma uyu nkhwangwa inali kale m'tsaya ndipo sanamvebe. Anakwera njinga, helemeti ili pamwamba pa mutu chifukwa inakana kutsika, n'kupita kumpanda kukafunsa nzeru kwa Loya.

Anyamata atamuona anaiwala mafoni awo. Wina anafunsa ngati wamenyedwa ndi mayi a kunyumba. Wina anati ayi, waba oda ya kasitomala n'kuibisa m'kamwa. Ndafika anafuna kuseka nawo koma pakamwa sipanalole. Loya anamuzungulira kawiri, manja kumbuyo, akuyang'ana tsayalo mbali zonse.

"Mwaimbako kunambala yothandiza, achimwene?"

"Ndaimba. Akuyankha ndi mayi wojambulidwa, akuti ndidine wani."

"Mwadina?"

"Ndadina. Akuti ndidinenso wani."

"Mwalemba uthenga?"

"Ndalemba. Andithokoza chifukwa chowalembera."

Loya anagwedeza mutu ngati munthu amene amayembekezera zomwezo. Kenaka anafotokoza kuti makina saona nkhope ngati mmene timaonera ife, amangoyeza ngati mbali iyi ikufanana ndi iyo. Tsono vuto la Ndafika silinali kutupa ayi, linali kutupa mbali imodzi. Atatupa mbali zonse, Abwana angoganiza kuti mnyamata wawo wanenepa, ntchito ikumukomera. Anthu akuluakulu, a ndevu zawo, ena a ana kusekondale, anavomereza kuti pamenepo pali nzeru. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anati dzinolo likazulidwe.

Masana mkazi wake anatuluka kukapereka diresi kwa kasitomala wa pafupi. Pobwera anapeza thumba la thonje limene amaika m'mapilo lili lotsegula, ndipo kuchipinda kukumveka munthu akubuula. Anasuzumira. Mwamuna wake anali pagalasi, tsaya la kumanja ataliphathika thonje mpaka lafanana ndi linzake, nkhope yonse ili ngati mwana wa mphaka womizidwa m'madzi n'kufufuma, maso ali tiwiri tating'ono. Foni inali m'manja, chala chili pafupi kudina mwayi wotsiriza uja.

Mayiyo sanakuwe. Anangoyenda masitepe atatu, n'kulanda foni, n'kubwerera nayo pabalaza. Anaiponya m'kadirowa ka makina osokera, anakhoma, kiyi n'kumangirira kutepi yoyezera imene imakhala m'khosi mwake.

"Mayi, bweretsani foniyo," anatero Ndafika, koma ndi thonje lija zinangomveka ngati ng'ombe ili kutali.

"Lavulani kaye pilo wanga."

Analavula.

"Anthu amachiza dzino, inu mukuchiza chithunzi. Koma abale, mutu umenewu ndi womwe uja unkawerenga mabuku musanawadule? Foni iyi muiona Lolemba. Mawa tikupita kuchipatala, ndipo ndikuperekezani ndekha, chifukwa mukapita nokha mundiimbira kuti mwafika muli kumpanda."

Mawa lake analawirira. Mzere unalidi wautali, Ndafika sananame pamenepo, mabenchi atatu odzaza anthu ogwira masaya. Koma chimene chinamuvuta si mzere. Dzanja lake linkangopita m'thumba lopanda kanthu. Foni ya munthu wina ikalira, iye ankadzambatuka, mkazi wake n'kumukoka malaya kuti akhale pansi. Anadzambatuka kasanu, mpaka gogo wina amene anakhala pambali pake anamufunsa ngati benchilo lili ndi nsikidzi.

Dokotala wa mano anali mayi wachitsikana, wa msinkhu woti akhoza kukhala mwana wawo. Anamuyasamulitsa, ngakhale pakamwa pankangotseguka polowa chala chimodzi, n'kuunikamo ndi katochi.

"Bambo, mwakhala nalo nthawi yaitali bwanji?"

"Masiku atatu, adokotala."

"Masabata asanu ndi limodzi," anatero mkazi wake ali pakhomo.

Dokotala anazimitsa katochi. Anafotokoza kuti sangazule lero, mafinya achuluka, ayambe wamwa mankhwala n'kubweranso Lachisanu. Kenaka ananena mosakweza mawu kuti kutupa kotereku kukatsikira kukhosi kumatseka mpweya, ndipo kunangotsala pang'ono. Anati anthu amafa nalo dzino, iye anawaonapo. Mkazi wa Ndafika anagwira felemu la chitseko, nthabwala zonse zinamuthera.

Ndafika anafunsa funso limene linali pamtima pake. "Nanga nkhopeyi, adokotala, ibwerera pofika Lolemba?"

Dokotala anayang'ana mkazi wa Ndafika, mkaziyo anayang'ana kudenga.

Masiku otsatirawo Ndafika anawakhala ngati mlendo m'nyumba mwake. Sankadziwa kuti masana dzuwa limalowa pabalaza mpaka pampando wautali. Sankadziwa kuti mwana wawo wamkazi akaweruka kusukulu amayamba wafotokozera mayi ake nkhani za m'kalasi monse, wina ndi wina, asanavule n'komwe nsapato. Anadya atakhala pansi, supu ndi buledi wonyowetsa, osati chiimire pambali pa njinga. Lachitatu masana anati angotsamira pang'ono, basi anagona mpaka dzuwa kupendeka, pakamwa pali pululu. Mkazi wake anaimitsa makina kuti asamudzutse, n'kumasoka mpendero pamanja. Apo ndi pamene anamuyang'ana bwinobwino, kwa nthawi yoyamba pa zaka zingapo. Anaona akakolo otupa. Anaona chipsera chachitali pamsongolo chimene bamboyo ananena kuti anangokalika ndi waya. Anaona dzanja lamanja, limene amapatsira njinga moto, likugwedezeka lokha m'tulo. Anamumvera chisoni, ndipo anakwiya, osadziwa kuti akwiyire ndani.

Lachisanu dzino linazulidwa. Linatuluka m'zidutswa zitatu, ndipo Ndafika, amene anagwapo panjinga kawiri osalira, anagwira mkono wa nesi mpaka nesiyo anamuuza kuti mkonowo akuufunabe. Loweruka tsaya linatupanso pang'ono, iye n'kumangopita pagalasi ngati mtsikana woyembekezera alendo. Ankaliyeza ndi zala. Ankafunsa mwana wake kuti kodi akufanana ndi bambo ake, mwanayo n'kumati akufanana ndi amalume awo a bambo ake.

Lamulungu madzulo, mwana atapita kwa anzake, Ndafika anakhala pafupi ndi makina osokera, akuyang'ana kadirowa kaja.

"Mayi, foni ija ikandikana mawa, ndipita kuti? Pa msinkhu uno ndani angandilembe ntchito? Miyezi isanu ija mukuikumbuka inu."

"Ndikuikumbuka."

"Sindikufuna kubwererakonso. Ndinkachita manyazi ngakhale kupempha madzi osamba."

Mkazi wake anafuna kumuseka monga mwa masiku onse, koma mawu oseka sanabwere. Anangopitiriza kusoka. Sanafune kumunamiza.

Lolemba m'mawa mayiyo anamasula kiyi kutepi n'kutsegula kadirowa. Foni inali itazima, anaiika pachaja, ndipo anadikira onse awiri ngati akudikira madzi kuti awire. Itayaka, Ndafika anatsegula pulogalamu ija. Popeza unali mwayi wotsiriza, Abwana anaonetsa pambali pa kamkombero chithunzi chimene anajambulitsa tsiku lolembetsa ntchito, zaka zinayi zapitazo, kuti aone yekha chimene akuyenera kufanana nacho. Mkazi wake anasuzumira paphewa pake.

"Uyu ndiye ndani, wa masaya ake onenepa bwinoyu? Ali pabanja?"

Ndafika sanaseke, ndipo naye mayiyo anasiyira pomwepo. Bambo wa pachithunzipo anali ndi tsitsi lakuda lokhalokha, khosi lodzaza kolala, maso oyera. Amene anaima pazenera anali ndi imvi m'mbali monse, khungu lopsa ndi dzuwa, maso ofiira ndi fumbi, ndipo tsaya limene linaphwa lija linalowa m'kati kuposa linzake. Mayiyo anayang'ana uyu, anayang'ana uyo. Iye mwini, atakumana nawo awiriwa pamsewu, sakanati ndi munthu mmodzi.

Ndafika anaika nkhope m'kamkombero. Anaphethira. Anatembenukira kumanja, anatembenukira kumanzere. Kamkombero kanazungulira nthawi yaitali kuposa masiku onse. Kenaka kanasanduka kobiriwira.

"Andidziwa," anatero Ndafika. Anaseka, bowo la dzino likuonekera, misozi ili m'maso. "Mayi, andidziwa. Taonani."

Asanamalize n'komwe, foni inalira. Inali oda, ya kutali kumapeto a tauni, chifukwa golide uja anali atapita. Pagalasi panayamba kuwerengeka masekondi oti avomere.

"Ine sabata yonseyi ndakhala ndikupemphera kuti ikukaneni," anatero mkazi wake, osakweza mawu. "Ndikudziwa kuti tikanavutika. Mulungu andikhululukire, koma ndimafuna ikukaneni."

Ndafika anamuyang'ana. Anafuna kuyankha, koma atatsitsa maso anapeza kuti chala chake chadina kale, chokha, iye asanachiuze. Anachita manyazi, n'kuima pamenepo foni ili m'manja, ikumuuza kuti wophika akumudikira.

Mkazi wake anatenga helemeti pamsomali, anakhwefulako lamba kuti asakhudze pachilonda, n'kumuveka yekha. Kenaka anamugwirira chitseko kuti atulutse njinga.